Ana Awa Ali ndi Mwini Wawo

Ine ndinadyera pakamwa kuyambira ubwana. Anzanga amene tinakulira limodzi m'komboni ya pa esiteti ya tiyi ku Honde, ku Zimbabwe, anatenga madengu a makolo awo n'kulowa m'mizere kukathyola masamba, koma ine msana unakana ndikadali wamng'ono, ndipo sindinaukakamize. Ndinkayala kaunjika pa siteji ya basi ku Ruda, pakati pa amayi ogulitsa nthochi. Malaya ong'ambika kukhwapa ndinkawagulitsa ponena kuti anasokedwa dala choncho chifukwa cha kutentha kwa m'chigwa. Munthu ankachoka akuseka, malaya ali m'manja, n'kukakwiya atafika kwawo. Chimanyika, Chishona cha kumeneko, ndinkalankhula ngati mwini nthaka, Chingerezi ndinali nacho chokwanira kupepesera wapolisi, ndipo Chinyanja cha makolo anga ndinkachisiya pakhomo m'mawa ngati nsapato zamatope.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 80, nkhondo ikadali kulira kuseri kwa mapiri ku Mozambique, ndinapeza mtsikana wa ku Mandeya. Anabwera kudzagula siketi, n'kundinenerera mpaka thukuta linandituluka m'mphuno. Ndinati mumtima, mkazi wotere akapita kwa wina ndiye kuti ndaluza kawiri. Iye anandilola. Otsala anali abale ake.

Kwa Amanyika mkazi satengedwa ndi mawu okoma. Amalowola, ndipo asanakambe za ng'ombe amafuna adziwe kuti mnyamatayo ndi wa yani, ndani adzakhale pansi kumuyankhulira, ndani adzamuyankhire akalakwa. Mchimwene wake wa mtsikanayo anali dalaivala pa esiteti yathu yomweyo, munthu wamtali wosunga mano. Ndinkamuitana kuti tsano, ndiko kuti mlamu, iye n'kumayankha kuti, "Usafulumire." Tsiku lina anandifunsa kuti anthu anga adzabwera ndi chiyani. Ndinamuuza za makina osokera amene bambo ankasunga m'bokosi pansi pa bedi, za njinga yatsopano yokulungidwa m'masaka imene inkalendewera kudenga, ndi za mabulangete osafundapo. Ndinati mwana wamwamuna m'nyumbamo ndine ndekha, enawo ndi atsikana.

Sindinaname. Ndinakula ndi ana a Ashona, kumene za bambo ndi za mwana wake, ndipo njinga ija ndinkaiyang'ana kudenga kuyambira ndili kusukulu ngati mmene munthu amayang'anira nthochi zake zikukhwima. Kufunsa sindinafunsepo. Ndani amafunsa mtengo wa chinthu chake chomwe?

Nthawi yomweyo kunabwera mayi wina wa ku yunivesite. Anati sukulu yawo, mothandizidwa ndi bungwe lina la kunja, ikufufuza mmene mabanja a anthu obwera amakhalira m'maesiteti: amabereka ana angati, amagona bwanji m'chipinda chimodzi, ali nazo ndani, alibe ndani, ndiponso n'chifukwa chiyani mwana wa wothyola tiyi amadzathyolanso tiyi. Ku Chipinge anali atazungulira kale. Anthu atamva kuti ndi dokotala anamubweretsera mawondo otupa ndi ana a chifuwa, ndipo iye anavutika kufotokoza kuti udokotala wake ndi wa mabuku. Ena anati akubwera kudzatiwerenga kuti atikweze malole kubwerera ku Malawi, choncho galimoto ikangoima, zitseko zinkatsekeka mzere wonse. Adokotalawo ankafunanso kuti akuluakulu alankhule m'chinenero chawo, mawu awo alowe mu tepi monga alili. Panafunika pakamwa pomasulira.

Esiteti inawabwereka galimoto, ndipo woyendetsa anali tsano uja. Nditangomva zimenezo ndinafukula tayi pa mulu wanga wa kaunjika, n'kukadzipereka ndekha. Ndinkafuna andione ndili pambali pa anthu ophunzira, ndikutembenuza mawu uku ndi uku ngati chimanga pamoto.

Masiku oyambirira zinandikomera. Ndinkagogoda n'kunena kuti, "Agogo, tsegulani, awa sakweza munthu lole, angofuna kumva mmene mumavutikira. Kodi pali wina anakufunsanipo zimenezo kwaulere?" Zitseko zinkatseguka. Adokotala anali munthu waulemu, ankakhala pamphasa osapukuta kaye, ndipo munthu akalira ankazimitsa tepi. Tsano ankatsala m'galimoto, chipewa chili kumaso. Kunyumba kwathu ndinkakulambalala mwanzeru, osati chifukwa choopa kanthu, koma khoma lathu linali lakuda ndi utsi ndipo bambo ankakonda kulavula akamalankhula. Koma kapitawo anauza adokotala kuti wothyola tiyi wakale kuposa onse ndi bambo anga, ndipo kuwasiya iwowo n'kusiya chiyambi cha nkhani.

Tinapita Lamlungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi. Bambo anali akadali m'malaya awo oyera, atakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mapeyala. Amayi anayala mphasa, anatulutsa thobwa, kenako anasuzumira kumsewu.

"Nanga uyo wakhaliranji m'galimoto ngati katundu? Kamuitane."

Ndinakamuitana mokondwa. Ndinati aone yekha nyumba imene mlongo wake adzakwatiweko, mwina chitseko chikatseguka aonenso matayala a njinga kudenga. Anabwera, anaomba m'manja mwaulemu, n'kukhala pa chitsa ndi chikho chake.

Bambo anayamba bwino. Anasimba mmene anachokera ku Dedza wapansi ali mnyamata, mmene anagwirira m'mafamu a fodya asanatsikire m'chigwa muno, mmene anakumanirana ndi amayi, amene anachokera ku Angonia, tsidya lina la malire, ku Mozambique. Ine ndinkathira mchere pang'ono pomasulira m'Chishona, bambo osadandaula. Kenako adokotala anafunsa kuti banja lawo ndi anthu angati.

Bambo anatambasula zala n'kuyamba kutchula alongo awo a ku Dedza, mmodzimmodzi, aliyense ndi ana ake. Ena mwa anawo sanawaonepo n'kamodzi komwe, koma ankawadziwa mwa ndondomeko ya kubadwa kwawo. Atamaliza anati, "Mbumba yanga ndi imeneyo."

Ndinamasulira, ndikudikira kuti afike kwa ife. Sanafike. Adokotala ndiwo anafunsa kuti nanga ana a m'nyumba muno.

"Awa?" anatero bambo, akuloza ine ndi chibwano. "Awa ndi a mayi awa. Ali ndi mwini wawo, mlongo wawo wa mayiwa, ku Angonia. Ine pano ndine tambala wobwereka."

Mawu amenewa ndinkawamva kuyambira kale m'nthabwala za akuluakulu pa mowa, koma ndinkayesa ndi zakumudzi, zimene zinatsala kutsidya pamodzi ndi manda. Tepi inkazungulira. Adokotala ankandiyang'ana. Tsano ankapukusa chikho chake kuti masese asatsalire pansi.

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinamwetulira alendo, n'kutembenukira kwa bambo m'Chinyanja chofulumira.

"Bambo, mawu amenewo ndi okwera mtengo. Tsitsaniko pang'ono."

"Nditsitse chiyani?"

"Nenani kuti ana ndi anu. Za mwini wakezo tikambirana alendo akapita."

"Ndiname pamaso pa makina a boma?"

"Si a boma, bambo, ndi a sukulu. Chabwino, tikumane pakati. Atsikanawa akhale a malume, ine ndikhale wanu."

"Iwe, ukuyesa ndine malaya a pa mulu wako?"

"Lero lokha. Mawa mudzandibweze kwa eni ake."

Amayi anaseka atagwira pakamwa, poyesa ndi nthabwala zanga zamasiku onse. Atandiyang'ana kumaso anasiya.

Chishona cha bambo chinali cha pa sikelo, chokanganira ndi kalaliki woyeza masamba, koma kumva ankamva chilichonse. Anaweramira kutsogolo, manja pa mawondo, nati, "Nena monga ndanenera. Ndikukumva."

Ndinanena. Ndi pakamwa panga pomwepa, m'Chimanyika changa chosalala chija, ndinauza mlamu wanga kuti bambo anga akuti ine si wawo.

Maso a adokotala anawala. Sindiwaimba mlandu, nanenso ndimadziwa mmene mtima umadumphira ukapeza chinthu chosowa pansi pa mulu. Anati zimenezi anaziwerenga m'mabuku, koma sankayembekeza kuti munthu amene wakhala zaka zonsezi pakati pa Ashona angazisunge chonchi. Anasendeza tepi pafupi. Anafunsa za katundu, kuti bambo akadzamwalira adzatenga ndani.

"Makina ndi njinga n'za mwana woyamba wa mlongo wanga wamkulu. Mabulangete ndi a alongo anga. Ndikadzapita sindikalowa m'mudzi chimanjamanja ngati galu."

Ndinamasulira.

Nanga mnyamata uyu akafuna kukwatira, adzamuimira ndani?

"Malume ake. Nkhoswe yake ndi imeneyo. Ine ndidzakhala kumbuyo, ndidzaomba m'manja akamaliza."

Ndinamasuliranso, ndipo m'mawu amenewo ndinadzitchula ndekha kuti mnyamata uyu. Ndinkayang'ana nyerere zimene zinkakoka khungu la peyala pafupi ndi phazi la adokotala, ndipo mpaka lero ndikhoza kujambula njira imene zinadzera.

Tsano anamaliza thobwa lake, anathokoza amayi bwinobwino, anatsanzika bambo. Titafika pa galimoto, akupukuta galasi ndi chipewa, anafunsa osandiyang'ana: "Saka uri mwana waani?" Tsono ndiwe mwana wa yani? Sananene monyoza, ndipo n'chimene chinawawa. Ankafunadi kudziwa choti akanene kwawo.

Adokotala anazindikira mochedwa kuti pachitika kanthu. Anandikokera pambali nati sanaganize bwino, sakanayenera kundilola kumasulira m'nyumba ya makolo anga. Ndinaseka kwambiri, ndinati n'zazing'ono, nkhalamba zimakonda kuopseza ana. Kenako, posowa pobisa nkhope, ndinayamba kuwatsatsa juzi, ndikuti ku Harare kukuzizira. Anagula. Ndi juzi yokhayo pa moyo wanga imene inagulidwa chifukwa cha chisoni, ndipo ndikaikumbuka ndimafuna kulowa pansi.

Mawa lake sindinapite kukayala. Ndinadikira bambo aweruke. Anafika dzuwa litapendeka, manja ali obiriwira, n'kukhala pakhonde kukonza lamba wa dengu lawo. Ndinawauza zonse, za mtsikana wa ku Mandeya, za dalaivala, za njinga imene ndinali nditaikwera kale m'maloto. Ndinakweza mawu kuposa mmene mwana amayenera. Ndinati pano si ku Dedza, pano munthu wopanda bambo ndi wotola pamsewu.

Anandisiya ndithe. Anaboola lamba ndi msomali, analowetsa waya, kenako analankhula.

"Ndinakukana liti? Amayi ako ndinawatenga muno m'komboni, kwawo sindinakafikeko, munda wa apongozi sindinalimepo ngakhale mzere umodzi. Mlongo wawo anabwera kamodzi iwe ukukwawa, anakunyamula, anati ndisungireni, ndidzabwera. Ndiye ndakusunga. Nsapato unavala, kusukulu unapita, sindinakumenyepo mpaka magazi, kuti akadzafika asadzati ndinamuonongera munthu wake. Tsono ukufuna ndiime pamaso pa alendo ndinene kuti ndi wanga? Mwini wake ali pakati pa nkhondo, ine ndimubere kumbuyo?"

Analavula cha kumbali.

"Njingayo ukadafunsa. Uli ndi pakamwa pa dziko lonse, koma m'nyumba mwanu sufunsa."

Ndinali nditakonzekera kukangana ndi munthu wouma mtima, ndipo ndinapeza munthu amene wakhala akulondera katundu wa mnzake zaka zonse za moyo wanga osatsegulapo thumba. Manyazi adzulo anali oti alendo amva za kwathu. Atsopanowa anali oti ndinachita manyazi ndi bambo anga.

Uthenga wochokera ku Mandeya unabwera ndi tsano yemweyo. Bambo a mtsikanayo anati iwo si anthu ovuta, mtundu uliwonse uli ndi mwambo wake, ndipo za ng'ombe zikhoza kuyenda pang'onopang'ono. Koma ngati mnyamatayo mwini wake ndi malume, abwere malumewo adzakhale pansi, adzaonane maso, mvula isanayambe. Mwana wawo sangapite kumene kulibe wokamudandaulira.

Malume anga sitinkadziwa ngati ali moyo. Chiyambireni nkhondo kunalibe mawu. Othawa amene ankatulukira m'mapiri amayi ankawathamangira ndi madzi akumwa n'kumawafunsa, koma onse anali ochokera kufupi, za ku Angonia sankazidziwa.

Mtsikana uja anandipeza pa siteji. Ananyamula diresi, kuitembenuza ngati akugula, kuti amayi a nthochi asatchere makutu.

"Iwe wogulitsa malaya obooka, walephera kupeza nkhalamba imodzi m'komboni monse muja? Bambo sakakufunsani chitupa. Akudziwa kuli nkhondo. Angofuna munthu wa imvi woti azimuloza."

Ankanena zoona. Ambiri m'komboni ankatero, wakwawo aliyense wachikulire ankasanduka nkhoswe. Ndinadziseka kuti nzeru yotere yandidutsa bwanji ine.

Ndinasankha mlonda wina wa ku fakitale, wochokera ku Mulanje, wa nkhope yolemekezeka ngati mkulu wa mpingo, ngakhale kuti mpingo wake weniweni unali kumene kwaphikidwa mowa. Tinanenererana masana onse. Iye anati umalume ndi ntchito yolemera, pali kuyenda wapansi mpaka ku Mandeya, pali kugwada, mawondo ake ndi akale. Ine ndinati kumeneko akadya nkhuku. Tinagwirizana pa jekete yakuda ya mabatani onse, yabwino kuposa zonse pa mulu wanga, ndipo anaumirira kuti aitengeretu kuti thupi liizolowere. Ataivala anasanduka malume enieni, mpaka ine ndinachita mantha.

"Tsono mwana wa mlongo wanga," anatero akukonza kolala, "pita kwa mayi ako akakuuze dzina la mudzi, la mfumu, ndi la amayi athu amene anatibereka. Ndisakachite chibwibwi pamaso pa Amanyika."

Pamenepo ndinazindikira kuti zonsezo sindikuzidziwa. Mtengo wa chilichonse kuchokera ku Mutare mpaka ku Ruda ndinkaudziwa, koma dzina la mudzi wa amayi anga ayi.

Amayi ndinawapeza kumpopi akuchapa. Ndinafotokoza mwachangu, mwanthabwala, ngati mmene ndimachitira ndikafuna munthu asaone chigamba. Ndinati n'zongoyerekeza, za tsiku limodzi, malume enieni akadzabwera tidzawabwezera mpando wawo.

Amayi anapitiriza kufinya nsalu mpaka madzi anatha. Anaiika m'beseni.

"Wina akakhala pa mpando wa mlongo wanga, ndiye kuti mlongo wanga ali kuti?"

"Amayi, aliyense amatero."

"Amatero amene analandira uthenga wa maliro. Ine sindinalandire. Iwe walandira?"

"Ayi."

"Ndiye ukufuna ndikupatse dzina la mayi anga, ukalipereke kwa chidakwa cha ku Mulanje, akanene kuti ndi amene anamubereka? Ukamuike mlongo wanga m'manda ndi jekete ya kaunjika?"

Sanalire. Anatenga malaya ena n'kuwaviika. Kenako, akuyang'ana m'madzi, anati, "Ngati wafunitsitsa, ndikuuza. Ndiwe mwana wanga, sindingakumane. Khala pansi ndikuuze."

Ndikanakhala pansi akanandiuzadi. Pa ntchito yanga ndimaidziwa nthawi imene munthu wagonja, pamene watsala n'kungotambasula dzanja, ndipo sindinkaiphonya. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana msana wawo. Kenako ndinati ndaiwala kanthu ku siteji, n'kuchoka.

Mtsikana uja anabweranso kudzamva. Ndinayamba ndi nthabwala, iye sanaseke. Ndinati tidikire nkhondo ithe, malume apezeka. Anafunsa kuti ithe liti. Ndinati amayi sakufuna. Anati, "Amayi ako akana, kapena iwe?" Ndinayamba kupinda mabuluku amene anali opinda kale. Anaima pang'ono, anandipatsa mpata wonse umene munthu angapatse mnzake, kenako anakwera basi.

Mvula inayamba. Tsano anabwerera ku dzina lake la dalaivala, ndipo tikakumana ankakweza dzanja mwaulemu ndithu. Chaka chotsatira ndinamva kwa amayi a nthochi, amene sabisa kanthu, kuti mlongo wake wakwatiwa ndi kalaliki wa ku Chipinge, wa makolo odziwika mpaka agogo a agogo. Nkhondo itatha anthu anayamba kuwoloka, koma malume sanabwere, ndipo uthenga wa maliro sunabwerenso.

Jekete ija ndinapita kukaitenga. Mlonda anakana. Anati mtengo tinagwirizana, iye anali wokonzeka ndi mawondo ake omwe, wathetsa malonda ndine. Ndinayesa uku ndi uku, koma mfundo yake inali yolondola, ndipo inali yomweyo imene ine ndinkauza anthu obweza malaya. Anaivala Lamlungu lililonse mpaka zigongono zinatuluka. Tikakumana pa njira, kaya pa gulu, ankakuwa ali patali kuti, "Wadzuka bwanji, mwana wa mlongo wanga?" Ine ndinkayankha ndikuyang'ana pansi kuti, "Ndadzuka, malume." Koma amayi akakhala pafupi sankatero. Ankangovula chipewa n'kudutsa.